Kabokosi Koiwala Chaka

Lanham, Maryland
14 Okutobala 2023

Maziko mlongo wanga,

Ndikhulupirira kuti nonse muli bwino kumeneko, Amayi, mlamu wanga Victoria ndi ana. Kuno tikudzuka. Mwana wanga Atikonda Chichewa akumva chonse koma kuyankha ndi Chizungu basi, ndatopa nako kumukalipira. Bambo ake adakali kunyumba zosungira katundu ku Landover, msana ukuwavutako pang'ono koma akupita.

Ndasankha kulemba chifukwa pafoni umandidziwa. Ndimangoti eya, eya, chimene ndaimbira n'kuchiiwala.

Ukukumbuka chaka chatha pamene pulogalamu ya kaundula wa odwala inafa pachipatala panu? Unandiuza kuti apudeti inabwera yonse nthawi imodzi, netiweki n'kudukira pakati, yakale n'kuwonongeka, yatsopano osafika. Unandiseka kuti ife a ku America timakutumizirani ng'ombe yathunthu panjinga. Ndinaseka nawo, koma zinandiwawa, chifukwa pulogalamuyo imapangidwa mu ofesi momwe ndimagwira ntchito ine.

Kuyambira pamenepo ndakhala ndikukonza njira ina mwakachetechete. Pulogalamu ija ndaiduladula m'tizigawo: ka kaundula pakokha, ka mankhwala pakokha, ka sikelo ya ana pakokha, ka amayi oyembekezera pakokha. Pamwamba pa tonseto ndaika kagawo kamodzi koyang'anira tinzake. Kameneka kamadziwa kuti ka mankhwala sikangayende popanda ka kaundula, choncho sikalola kena kulowa kanzake kasanafike. Kagawo kalikonse kamabwera ndi chidindo chathu, kuti munthu wachipongwe asakulowetsereni zabodza. Ndipo katsopano kakadukira panjira, kakale kamapitiriza ntchito ngati palibe chachitika.

Abwana anga, a Chileshe, mayi wa ku Lusaka, avomera kuti tiyese pachipatala chimodzi, ndipo akuluakulu a zaumoyo kubomako alola kuti chikhale chanu. Kukubwera kabokosi kakuda, kukula kwake ngati wailesi yaing'ono, komwe matabuleti anu azilumikizanako. Poti kalaliki wa kaundula ndiwe, kakhala m'manja mwako.

Ndikuopa, Maziko. Pano pali anthu odziwa kuposa ine, ndipo ena akuti ndikusokoneza zinthu zomwe zimayenda kale. Mwina akunena zoona. Undilembere zonse zimene uone.

Ndine mlongo wako,
Felistas


Mchinji
19 Novembala 2023

Achemwali,

Landirani moni wa kuno. Tonse tili bwino, kupatula dzuwa lomwe latsala pang'ono kutiwamba amoyo. Mvula sinayambe, Amayi akungoyang'ana kumwamba mbewu zili m'manja.

Kabokosi kanu kafika. Ndakaika pashelefu ya pamwamba pomwe makoswe safika, ndipo Victoria wakasokera kansalu kofunditsa kuti kasamwe fumbi. Kagawo kanu koyang'anira tinzake kaja kuno takapatsa dzina, ndi Kapitawo. Anayambitsa ndi a Sisitala, namwino wathu wamkulu. Akuti kakufanana ndi akapitawo a kuesiteti ya fodya: ntchito yooneka sagwira, koma akachokapo palibe chiyenda.

Lachinayi munatumiza ka sikelo katsopano. Ndinakwera pachulu paja kuseri kwa mateneti, pomwe pokha foni imagwira, ndipo kanalowa ndisanamalize kudya mango amene ndinali nawo m'thumba. Ndinatsika n'kukathira m'kabokosi, Kapitawo n'kukalandira, basi yatha. Achemwali, ndinaima pakhonde la chipatala n'kumauza aliyense wodutsa kuti zimenezi wapanga ndi mlongo wanga, bere limodzi. Mlonda anafunsa ngati ndinu dokotala. Ndinamuuza kuti inde, koma odwala anu ndi makina.

Mzere wa odwala masiku ano ukumatha dzuwa lisanapendeke. Mabuku akuluakulu aja tinkalembamo odwala tawatsekera m'kabati.

Zoopazo musiye. Inu munalira usiku woti mawa mayeso a sitandade eyiti, kuti mulephera, kenako dzina lanu n'kumveka pawailesi. Sitinaiwale.

Mupereke moni kwa alamu ndi Atikonda. Mumuuze kuti amalume ake Chizungu amachimva, koma akadzabwera kuno ndi Chizunguchocho sadzamuyankha.

Mlongo wanu,
Maziko


Lanham, Maryland
7 Januwale 2024

Maziko,

Chaka chabwino nonse. Amayi ali bwanji? Mvula ija inabwera? Kuno kukuzizira kosanena, Atikonda akukondwa, ine ndikungolakalaka dzuwa lanu lowamba anthu lija.

Kalata yako ndinaiwerenga m'sitima popita kuntchito, kuchokera ku New Carrollton, ndipo ndinapitirira siteshoni yanga. Ndaiwerenganso kangapo. Sindinaionetse munthu kuofesi, ndimaona ngati kudzitama.

Tsiku laikidwa. Pa 4 Epulo kubwera anthu a bungwe lomwe limatithandiza pa ntchitoyi, ndipo tsiku limenelo adzasankha: njira yanga ipite kuzipatala za maboma angapo, kapena isiyidwe tibwerere ku ng'ombe yathunthu ija. Ndinapempha a Chileshe kuti akalankhule ndi anthuwo m'malo mwanga. Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi n'kunena m'Chinyanja chawo cha ku Lusaka kuti, "Iwe Felistas, chintu wapanga ndiwe, manje ufuna nikakambe ine? Uzaimilila weka, ine nizankala chabe kumbuyo."

Pali chinthu chimodzi chomwe uyenera kudziwa. Poyamba ndinapanganso kagawo kena koti kazitiuza kokha kuno ngati china chavuta. Ndinakachotsa, poopa kuti kazikudyerani bandulo ya chipatala. Kuno kumangofika ziwerengero za pamwezi, kuti odwala anali angati, ana angati. Zina zonse sindiziona. Maso anga kumeneko ndiwe.

Zikakanika sindikudziwa kuti ndidzawayang'ana bwanji a Chileshe, amene anandiikira kumbuyo ena akukana. Nthawi zina ndimaganiza kuti ndidzangolemba kalata yosiya ntchito n'kuchoka mwakachetechete. Usawauze Amayi zimenezi. Ungondiuza mmene kabokosi kakuyendera.

Felistas


Mchinji
11 Febuluwale 2024

Achemwali,

Pepani kuchedwa kuyankha, ntchito yachuluka. Kuno tonse tili bwino. Mvula ikugwa kwambiri, chimanga chikuoneka bwino. Amayi ali bwino, ana ali bwino.

Kabokosi kali bwino. Ziwerengero za Januwale ndikhulupirira zafika. Musadandaule ndi chilichonse, konzekerani msonkhano wanu.

Maziko


Mchinji
3 Malichi 2024

Mwana wanga Nambewe,

Ndikupereka moni m'dzina la Ambuye kwa iwe, kwa apongozi anga ndi kwa mdzukulu wanga. Kalatayi akundilembera ndi mlamu wako Victoria, chifukwa maso anga tizilembo sakutionanso. Ife kuno tilipo.

Ndati ndikuuze kuti watichotsa manyazi. Ku Mvano masiku ano amandisungira malo kutsogolo. Mayi aliyense amene wapita kusikelo amabwera n'kundigwira dzanja, akuti tinaona makina a mwana wanu. Ine ndimangoti ndi Mulungu. Koma mumtimamu ndimati bambo ako akanakhalapo akanagula chipewa chatsopano.

Tsono ndili ndi pempho limodzi. Kabokosi kako kameneka sikangapumeko Lamulungu? Mlongo wako wasiya kwaya chiyambire Januwale. Lamulungu lililonse m'mamawa amakakulunga m'pulasitiki, kukamangirira panjinga pamodzi ndi mabuku akuluakulu a chipatala, ulendo wa kutauni komwe kuli magetsi, mvula igwe isagwe. Amabwera dzuwa likulowa, matope mpaka m'mawondo, maso ali psuu. Akuti amakhala akukopera za m'mabuku kuthira m'kabokosimo. Nditamufunsa anati ndi mmene kamagwirira ntchito, kamafuna kupita kokayenda kamodzi pasabata. Ine nzeru zanu sindikuzitsutsa. Koma kwaya yatsala yopanda besi, nyimbo zikungouluka m'mwamba, ndipo abusa andifunsa. Uwauze abwana ako kuti ngati n'kotheka kaziyenda Loweruka.

Sabata yatha ndinapita kukayezetsa kuthamanga kwa magazi. Tinakhala pamzere mpaka madzulo, ndipo analemba m'buku monga kale. Amayi ena anayamba kung'ung'udza. Ndinawauza kuti akhale chete, kabokosi ka mwana wanga kakupuma, nawonso amapuma.

Uvale zofunda, akuti kumeneko madzi amauma ngati mwala.

Ndine mayi wako,
Nachisale

Achemwali, ndine Victoria. Ine ndangolemba zimene Amayi anena, sindinachotsepo kanthu.


Lanham, Maryland
5 Malichi 2024

Maziko,

Moni ndikupatsa, koma mtima wanga suli m'malo. Ndawerenga kalata ya Amayi. Kabokosi kaja sikafuna kupita kokayenda. Ndinakapanga ndine, ndikudziwa.

Ziwerengero zakhala zikufika kuno mwezi ndi mwezi zokwanira bwinobwino, ine n'kumazionetsa kwa anthu. Lero ndadziwa kuti sizimabwera ndi Kapitawo, zimabwera ndi miyendo yako. Dzulo lomweli ndinalemba pa tsamba loyamba la zimene ndikakambe kumsonkhano kuti chiyambireni sitinaonepo vuto. Ndikanakaima pamaso pa anthu n'kunena zimenezo, iwo n'kuvomera, timabokosi totere tikanapita kuzipatala zambirimbiri. Kodi kulikonseko kuli Maziko wa njinga? Kumene kulibe, odwala akanatani?

Si koyamba. Bambo akudwala munkandiuza kuti ndi chimfine, ndi chimfine, mpaka tsiku lomwe amalume anandiimbira kuti ndifunefune ndege. Ndinafika mutaika kale. Ndikudziwa kuti kwathu munthu wa kutali sauzidwa zoipa, amati angadzivulaze ndi maganizo ali yekha kuchilendo. Sindinakufunsenipo kanthu, ndinameza. Koma pa ichi sindimeza. Pa ntchito yathu, munthu amene amatithandiza ndi amene wanena kuti apa pathyoka. Wonena kuti zonse zili bwino ndilibe naye chochita.

Ndiuze chimene chikuchitika. Chinayamba liti, kabokosi kamalemba chiyani, umatani kuti katseguke. Usasankhe mawu.

Felistas


Lanham, Maryland
13 Malichi 2024

Maziko,

Foni ikundionetsa kuti kalata yanga unaitsegula tsiku lomwelo. Mwina ndinalemba mokalipa, sindinazolowere kukalipa ndiye sindidziwa polekezera. Koma mawu ake sindikuwabweza. Tsiku lija likuyandikira ndipo popanda iwe sindingakonze kanthu. Ndiyankhe, ngakhale mondinyoza.

Felistas


Mchinji
17 Malichi 2024

Achemwali,

Tili moyo. Ndinakhala chete dala, chifukwa ndikanayankha tsiku lomwelo tikanayambana.

Za Bambo musandiikemo ine. Analamula ndi amalume, ine ndinali wongotumidwa. Koma za kabokosi ndinasankha ndekha, ndipo sindikupepesa. Werenganinso kalata yanu ya Januwale. Munati zikakanika musiya ntchito n'kuchoka mwakachetechete. Munthu walemba choncho ali kudziko la chisanu, ine ndimuyankhe kuti chinthu chako chafa? Munati maso anu ndine. Ine ndinamva kuti msana wanu ndine. Ndimati mvula ikatha zikhala bwino zokha, msonkhano wanu n'kudutsa, inu osadziwa kanthu. Njinga ndi yanga, miyendo ndi yanga, sindinabe cha munthu.

Poti mukufuna zoipa, nazi.

Zinayamba mvula italimba. Kukachita mitambo masiku otsatizana, batire la sola limatha, kabokosi n'kuzima. Magetsi akabwerera kamayaka bwinobwino, koma Kapitawo amakana tizigawo tonse, ndi takale tomwe. Amalemba kuti chidindo sichinafike nthawi yake, n'kutseka. Matabuleti amangoti zii. Ndayesa kuzimitsa n'kuyatsanso, ndayesa kusintha waya, a Sisitala anayesa kukapempherera.

Chinthu china choseketsa, pakona pomwe pamalembedwa tsiku pamaoneka 1 Januwale 2010. Kabokosi kanu kamadzuka kakuganiza kuti ine ndidakali fomu thu, mutu wometa, kabudula wong'ambika. Ndikapita nako kutauni, kakangogwira netiweki yamphamvu kamakumbukira chaka, Kapitawo n'kutsegula. Pamenepo ndimathiramo za m'mabuku za sabata yonse. Tikabwerera kamagwira ntchito mpaka batire lithenso, nthawi zina Lachitatu, nthawi zina Lolemba lomwelo.

Victoria ndamufunsa chifukwa chake sanadumphe mawu a Amayi polemba. Akuti iye si kabokosi, saiwala kuti ali ndi mwamuna amene akuwonda.

Ndamaliza. Ngati mukusiya ntchito mundiuze, ndiyambe kukufunirani munda.

Maziko


Lanham, Maryland
21 Malichi 2024

Maziko mlongo wanga,

Zikomo. Kalata yako ndinaiwerenga ndikuseka misozi ili mbwee, Atikonda mpaka anakaitana bambo ake. Munda usafune.

Vuto walipeza ndiwe, ndi nthabwala yako ya fomu thu ija. Chidindo chilichonse chimakhala ndi tsiku lomwe tinadinda. Ndinamulamula Kapitawo kuti akaona chidindo cha tsiku lomwe silinafike akane, chifukwa chotero chimakhala chabodza. Tsono kabokosi kakazima kamaiwala nthawi n'kubwerera ku 2010, ndiye Kapitawo amaona ngati zidindo zonse zachokera kutsogolo. Sakulakwa, akumvera ine. Kuno ndinayesa kudula netiweki m'njira iliyonse yomwe ndinaiganiza, koma muofesi muno magetsi sathima, ndipo sindinaganizepo kuti makina angaiwale chaka.

Pa kalata ya Januwale ija ukunena zoona. Ndinakusenzetsa mantha anga kenako n'kukupempha chilungamo. Ziwirizo siziyendera limodzi.

Lolemba ndinalowa muofesi ya a Chileshe n'kuwauza zonse, za njinga zomwe. Kenako anati, "Manje iwe unali kufuna chani, chintu chisafe olo kamozi? Ni pulogalamu iyi, si Baibo. Konza, upite ukakambe vamene vinachitika." Mnzathu wina anati poti tikonza, palibe chifukwa chozitchulira kumsonkhano. Ndinadzidabwa ndekha, ndinamuyankha kuti ayi, mokweza.

Ndatumiza tizigawo tiwiri, ukatitenge pachulu. Koyamba ndi Kapitawo watsopano. Ameneyu amasunga tsiku lomaliza lomwe analiona, ndipo wotchi ikabwerera m'mbuyo saikhulupirira, amafunsa nthawi kwa tabuleti yoyamba imene yalumikizana naye. Kachiwiri ndi kaja ndinakachotsa, kotiuza kuno zikavuta. Ndakachepetsa, bandulo sikadya.

Ufunika ulendo umodzi womaliza wa kutauni, kuti kabokosi katseguke kalandire tizigawoti. Koma osati Lamulungu, ndipo osati mobisa. Ukapemphe tsiku la ntchito kwa a Sisitala, imeneyi ndi ntchito ya chipatala. Ukabwera, muzule waya dala, kafe, muyatsenso. Zimene zichitike undiuze mmene zilili.

Umupemphe Victoria anditumizire chithunzi cha njinga ija kabokosi kali kumbuyo. Ndipo ubwerere kukwaya, Amayi apume.

Felistas


Mchinji
30 Malichi 2024

Achemwali,

Tizigawo tanu ndinatitenga, tili m'foni. Kutauni sindinapite. Mtsinje wadzaza ndipo wadya mbali imodzi ya mlatho, ngakhale ngolo sizikuwoloka. Akuti mpaka madzi aphwe. Pa 4 sindikuona kuti ndikhala nditawoloka.

Mtima umafuna ndilembe kuti zatheka. Onani mmene mwandiphunzitsira.

Pasaka wabwino. Mawa ndiimba.

Maziko


Lanham, Maryland
5 Epulo 2024

Maziko,

Moni kwa nonse. Ndikulemba ndidakali ndi kutopa kwa dzulo, koma ndikufuna umve kwa ine.

Chipinda chinadzaza, ena anali pakanema kuchokera kumayiko ena. A Chileshe anakhala kumbuyo monga ananenera, manja atapinda. Nditaimirira mawu anakana kutuluka. Ndiye ndinangoonetsa chithunzi cha Victoria chija: njinga yako itatsamira mtengo wa malalanje, matope m'masipoko, kabokosi kali m'pulasitiki ya buluu. Ndinati, uyu ndi mlongo wanga, ndipo umu ndi mmene njira yanga yayendera nyengo yonse ya mvula.

Ndinafotokoza zonse, za batire, za chaka cha 2010, za chidindo. Ndinanenanso kuti ziwerengero zokongola zimene anaziona m'malipoti athu sizikutsimikiza kanthu. Mawu anayamba kubwera okha. Sindinayang'ane pepala.

Mayi wina wachikulire, amene ena onse amamuyang'ana asanalankhule, anafunsa kuti, ndiye mwakonza, zikugwira? Ndinati sindikudziwa, mtsinje wadzaza. Kenako anafunsa kukula kwa chimene ndatumizacho. Ndinamuuza kuti n'chaching'ono kuposa chithunzi cha njingacho, kuti chinalowa m'foni yako uli pachulu, ndipo tizigawo tina tonse sindinatikhudze. Ndinati m'njira yakale, kukonza kachinthu kameneka kukanafuna kutumiza ng'ombe yathunthu panjinga. Ndinabwereka mawu ako, undikhululukire. Anaseka onse, mayi uja mpaka anavula magalasi.

Chigamulo chake n'chakuti avomera, koma mwa pangano. Akufuna kalata yochokera kwa a Sisitala eniake, yonena kuti kabokosi kazima, kayakanso, ndipo kakumbukira tsiku. Ikabwera kalatayo, njira yanga ipita kumaboma ena. Ikapanda kubwera, kapena ikanena zina, tibwerera kwakale. Choncho zonse zili kutsidya kwa mtsinje wanuwo.

Madzulo a Chileshe ananditengera kukadya ku Wheaton. Sananditame, si khalidwe lawo. Anangondiikira nyama yawo m'mbale mwanga n'kunena kuti, "Idya, lelo wakamba."

Ndikuuze chinthu chomwe sindinauze munthu. Mayi uja atafunsa kuti anaganiza njira imeneyi ndani, ndinati ndine. Sindinawonjezere kuti mwina, kapena kuti ndinangoyesa. Ndine, basi. Ngakhale kalata ya a Sisitala itanena zoipa, mawu amenewo ndawanena kale ndipo ndi oona.

Usawoloke madzi asanaphwe. Kabokosi kadikire.

Mlongo wako,
Felistas


Mchinji
10 Epulo 2024

Achemwali,

Kuno sitili bwino kwenikweni, ndipo poti munapempha nokha, khalani pansi.

Amayi kuthamanga kwa magazi kwakwera, awasinthira mankhwala, ndipo mwendo wakumanzere ukumatupa madzulo. Iwo akuti ndisakuuzeni. Ndawauza kuti lamulo linasintha. Chimanga cha kumunda wa kudambo chamira pafupifupi theka. Njinga yanga gudumu lakutsogolo linapindika. Tabuleti ya kusikelo inasweka galasi, anaigwetsa ndi mwana amene amakana kukwera sikelo. Kagawo kanu ka mankhwala zilembo zake n'zazing'ono kwambiri, a kufamase akuti mwina munapangira anthu a maso a mphamba. Ndipo ka amayi oyembekezera kamafunsa nambala ya foni mokakamiza, chonsecho amayi ambiri kuno alibe foni, ndiye anamwino akhala akulembapo yanga. Pakali pano ndili ndi mimba zosawerengeka.

Tsopano zinazo.

Madzi anaphwa. Lolemba ndinawoloka pangolo, kabokosi kali pamiyendo, kalata ya chilolezo ya a Sisitala ili m'thumba. Kutauni kanatseguka, kanalandira tizigawo tonse tiwiri, ndinabwerako dzuwa lidakali pamutu. Dzulo m'mawa a Sisitala anaitana aliyense, ndi mlonda yemwe. Anati waya azula okha, ine ndisayandikire, chifukwa ndine wachibale wa woimbidwa mlandu. Anazula. Kabokosi kanafa. Anatilamula kuti tikamwe tiyi.

Titabwerera anabwezera waya. Kanayaka. Pakona paja panaoneka 2010. Kenako a kufamase anayatsa tabuleti yawo, ndipo ndikuyang'anitsitsa chonchi, zilembo zinasintha: 9 Epulo 2024. Kaundula anatseguka, mankhwala anatseguka, sikelo inatseguka. Anamwino analulutira mpaka odwala panja anaimirira kufunsa ngati kwabadwa mapasa. A Sisitala anazulanso kachiwiri, akuti mwina kanangochita mwayi. Kanadzukanso bwinobwino.

Kalata yawo alemba okha ndi dzanja, adinda chidindo cha chipatala, ndipo ndaitumiza kwa a Chileshe m'mawa uno ndili pachulu. Mabuku abwerera m'kabati.

Kagawo kanu kachiwiri nakonso kalandira dzina. Ndi Wamiseche. Kanangolowa n'kuyamba kunena kuti batire lathu lakalamba, ndipo ndikukhulupirira kuti mawu ake afika kale kwanuko ine ndisanalembe. Ntchito yobisa yandithera.

Amayi ndinawawerengera kalata yanu ya msonkhano. Pofika pa mawu aja akuti ndine, anandiimitsa kuti ndibwereze. Ndinabwereza. Kenako anatuma Victoria kuti akasite chitenje chawo cha Mvano, poti Mvano ndi mawa lino.

Mundiyankhe za mwendo wa Amayi, ndikufuna tiganizire limodzi ngati n'kofunika kupita nawo kuchipatala chachikulu kuboma. Ndipo inunso kalata yanu isayambe ndi zakuti kuno tikudzuka. Msana wa alamu uja munati ukuvutako pang'ono mu Okutobala. Pang'ono pake ndi potani?

Ndine mlongo wake wa dokotala wa makina,
Maziko